Ndachotsetsa PPF pa Toyota 86 yanga pa Dedza boma pompano, nazi zomwe ndaona

Galimoto yake ndi Toyota 86 ya 2013, yofiira, ija ya zitseko ziwiri yomwe a Toyota anapanga limodzi ndi a Subaru, injini ya boxer 2.0, imakankha ndi mateyala akumbuyo. Inachokera ku Japan kudzera pa Dar ngati mmene zimabwerera zambirizi ndipo mwini wake woyamba kumeneko anali ataimata PPF kutsogoloku, bampala yonse, theka la boneti, mafenda pang'ono, magalasi a m'mbali ndi timizere ta m'mphepete mwa zitseko. Kwa amene simukuidziwa, PPF ndi pulasitiki yoonekera mkati yomwe amamata pamwamba pa penti kuti timiyala ta mumsewu tisamagomole pentiyo. Si tinti ayi, komanso si wrap yosintha mtundu wa galimoto ija. Ndi polyurethane yokhuthala ma micron 150 mpaka 200 (ma micron 1,000 ndi milimita imodzi), kutanthauza kuti nthawi zambiri imaposa penti yonse ya kufakitale kukhuthala kwake. Anayambitsa ndi a 3M nthawi ya nkhondo ya ku Vietnam, ankamata pa mapiko a ma helikopita kuti mchenga usamawadye, kenako nde inafika kumagalimoto.

Vuto lake imakalamba. Zabwino za masiku ano ngati XPEL amapereka waranti ya zaka 10, koma yanga inali ya kale ndipo dzuwa la kuno linaimaliza, inasanduka yachikasu, paboneti inang'aluka ng'alu ng'alu ngati phazi la zikang'a, m'mphepete monse dothi litalowa mzere wakuda bii moti ngakhale uchape bwanji galimoto imaoneka yosasamba. Anthu pa filling station amafunsa kuti kodi penti ikusupuka? Ayi ndithu, penti ili mkati, chomwe chikufa ndi pulasitikiyo.

Ambiri anandiuza kuti ntchito ngati iyi ndi ya ku Lilongwe basi. Koma mnzanga wina wa ku Bembeke anandilozera kwa mkulu wina pa boma pompano, kumbali ya kumsika uko, amene anagwirako ntchito yopolisha magalimoto ku Johannesburg zaka zingapo asanabwerere kumudzi. Malowo alibe chikwangwani, ndi shedi ya malata, pansi simenti, mbali imodzi ndi yotsegula, ali ndi anyamata awiri. Ukangofika sungaganize kuti pali chanzeru, ine ndinatsala pang'ono kutembenuza galimoto.

Chomwe chinandikhazika pansi ndi choti sanathamangire kutchula mtengo. Anatulutsa kamakina koyezera kukhuthala kwa penti, kakang'ono kokwana m'dzanja, n'kuyamba kugunditsa malo ndi malo uku akulemba manambala pa masking tape. Denga ndi zitseko zimawerenga cha m'ma 100, zomwe ndi zoyenera pa penti ya kufakitale, koma fenda ya kumanzere inadumpha 300. Boneti ya 86 ndi ya aluminiyamu nde pamafunika geji, kamakina koyezera kaja, yowerenga chitsulo wamba ndi aluminiyamu yomwe, yake imatha. Bampala ndi pulasitiki, geji ya mtundu umenewu siwerenga, nde anagona pansi ndi tochi kuyang'ana kunsi mpaka anapeza utsi wa penti pa timapulasitiki takuda tomwe sitimayenera kukhala tofiira. Atadzuka anati "bwana ndikuuzirenitu pano, fenda iyi ndi bampala anapentapo kale ku Japan konko, ndikamakoka pulasitikiyi ikhoza kutuluka ndi kiliya yemwe (vanishi woonekera mkati wa pamwamba pa penti uja), musadzati ndakuwonongerani galimoto." Ndinati achimwene nanga titani, iye amvekere "tiyesetsa koma sindikulonjezani." Anajambula zithunzi paliponse n'kunditumizira pa WhatsApp kuti ndivomere kaye. Kunena zoona amisiri angati kuno amakuchenjeza asanagwire galimoto? Ambiri amangoti zitheka bwana, siyani makiyi.

Kumatulako nde kunali ntchito. Unali mwezi wa July, ndipo amene mumakhala ku Dedza mukudziwa mmene kumachera, nkhungu itatsika m'phiri muja, zala zosagwira kanthu. Mkuluyu amakana kuyamba m'mawa, amati pulasitiki ikazizira imauma gwa nde ukakoka imangoduka tizidutswa guluu yense n'kutsala pagalimoto, bola kudikira dzuwa likwere. Sanagwiritse ntchito heat gun, yotulutsa mpweya wotentha ija, kwambiri, anali ndi steamer, yotulutsa nthunzi ija, chifukwa nthunzi imatenthetsa mofanana pomwe heat gun ukangoiyimika malo amodzi imawotcha kiliya kapena kupinditsa bampala. Mnyamata mmodzi amagwira nthunzi kutsogolo, iye akukoka pambuyo pang'ono pang'ono, pulasitiki ataigoneka pafupi ndi bodi osati kuikokera m'mwamba ngati ukumatula sitika. Pa magalasi a m'mbali inatuluka yathunthu bwinobwino, pamafenda chimodzimodzi, fenda yopentedwa ija inapulumuka ndithu. Koma paboneti mayo ine. Pamene panang'aluka paja imachoka tizidutswa tating'ono tokwana chikhadabo, akukanda ndi malezala a pulasitiki, kutenthetsa, kukanda, kutenthetsa, ine ndinangoima pamenepo mpaka miyendo kuwawa kenako ndinapita kukadya chipisi kumsika, pobwera ndinapeza asuntha malo osakwana chikhatho changa.

Guluu wotsalayo amathira mankhwala ake enieni, onunkhira ngati malalanje, kusiya kaye kuti afewe kenako kupukuta ndi nsalu za microfibre, nsalu ikadzadza amatenga ina. Thinner kapena petulo sanayandikize, ndinayang'anitsitsa dala chifukwa ndinaonapo galimoto ya munthu ku Ntcheu atachotsa masitika akampani ndi thinner, malo onse aja anachita mbuu mpaka lero. Izi ndi zomwe zimapha penti kuno, kuphatikizapo ma car wash athu aja a sopo wa ufa wochapira zovala ndi chisanza chimodzi chomwe chapukuta mateyala n'kubwera padenga.

Bampala sinapulumuke. Pakona ya kumanzere kiliya inasupuka limodzi ndi pulasitiki, malo okula ngati chikhatho, panatsala penti yofiira yosawala. Zinandiwawa koma mawu ndinalibe, anali atanena. Iye anangoima n'kundiitana kuti ndione ndisanamve kwa wina, n'kunena poyera kuti pamenepo polishi sangathandize, mpofunika kupenta, ndipo kupenta iye sapanga.

Pulasitiki itachoka yonse panaoneka chinthu china chomwe anthu ambiri saganizira. Pomwe panali PPF penti inali yofiira psuu ngati yatsopano, theka lina la boneti lomwe lakhala padzuwa zaka zonsezi linali lotuwa lodzadza timizere, nde pakati mzere woongoka kuchoka fenda iyi kufika inayo, galimoto yamitundu iwiri. Apa mpamene ndinaona kuti munthuyu ntchito amaidziwa. Anachapa kaye, kudutsitsa clay kuti achotse tinthu tomata tomwe sopo sachotsa, kumata tepi pa malabala ndi mapulasitiki akuda, kenako anasankha kabokosi kamodzi paboneti koyesera. Anayamba ndi pad yofewa, kasiponji ka pamakina opolishira, ndi polishi wopepuka, ataona kuti sizikukwana nde anakwera ku compound, polishi wokhakhalirapo, osati kuyambira chokhakhala kwambiri ngati mmene amachitira ena. Makina ake ndi dual action, aja ozungulira uku akugwedera, osati rotary yomwe ma panel beater ambiri amagwiritsa ntchito imene imasiya mizere yozungulira ija mumaiona pa magalimoto akuda dzuwa likawomba. Pamzere weniweniwo anadutsitsa sandipepa ya 3000 yonyowa mopepuka kwambiri, kuyeza ndi geji, kudutsitsanso, kuyezanso. Anandifotokozera kuti mwa ma micron 100 aja kiliya ndi mwina 40 kapena 50 basi, enawo ndi primer ndi mtundu, ndipo kupolisha kulikonse ndi kudya kiliyayo, ikatha yatha palibe kubwezera koma kupenta. Ndipo 86 imapangidwira kufakitale ya Subaru ku Gunma, penti yake ndi yofewa, imawala msanga koma imadyekanso msanga.

Nchifukwa chake anakana kuchotsa mkwawu wina wapachitseko cha dalaivala, womwe ine ndimafunitsitsa utachoka. Anadutsitsa chikhadabo, chinakola, amvekere "uwu wadutsa kiliya bwana, ndikautsata ndikubowolerani chitseko, ndingoufewetsa m'mphepete kuti usamaonekere patali." Ndinakakamira pang'ono, anakanabe. Panopa ulipo koma mpaka uwerame ndi kuufuna.

Zotsatira zake? Mzere wapaboneti unatha, ukayang'ana ndi tochi usiku cha m'mbali umauona pang'ono penipeni koma masana palibe angadziwe. Kufiira kunabwerera galimoto yonse, denga lomwe ndimaliona ngati lakufa likuonetsa mitambo. Ndinaitsitsa ku Khwekhwelere mpaka Golomoti tsiku lina dzuwa lili phwee dala kuti ndione ngati pali ma hologram, mizere yozungulira yomwe makina opolishira amasiya ija, ndinaima pa kona ina n'kuizungulira, palibe.

Tsopano zomwe sizinandisangalatse, chifukwa zilipo ndipo si zazing'ono. Nthawi yomwe anandiuza ndi yomwe ndinatenga galimoto ndi zosiyana kutalitali. Zina ndikumvetsa, boneti ija inavuta kuposa mmene tonse timaganizira, magetsi amathima, jenereta ilipo koma mafuta kulibe. Koma foni osayankha? Umaimba m'mawa, masana, mameseji blue tick, mpaka unyamuke wekha kukaona ngati galimoto ikadalipo. Munthu wasiya galimoto yake yokondedwa amafuna kungomva kuti lero sitinagwire magetsi kulibe, basi, sizifuna ndalama zimenezo.

Chachiwiri fumbi. Shedi yotsegula mbali imodzi ndi mphepo ya July sizigwirizana ndi kupolisha, kamchenga kamodzi kakalowa pa pad kamalemba bodi yonse. Amayesetsa kuthira madzi pansi ndi kutchinga ndi lona koma ndinaona akubwereza fenda ina chifukwa cha zomwezo. Ndipo kumalizitsa kwa anyamata ake nkosakwana, ndinapeza compound youma yoyera m'mipata ya zitseko, kuzungulira baji ya kutsogolo ndi pa pulasitiki yakuda ya pansi pa windscreen, ndinachita kubwerera kuti achotse ndi kaburashi. Kilipi imodzi ya bampala inathyoka ndipo palibe anandiuza, ndinazindikira ndekha pa hump ya pa Linthipe nditamva kulira kwachilendo. Mpando unali utasunthidwa, wailesi ili pa siteshoni ina, mafuta sanatsike nde sindikuti anayenda nayo koma zikuonetsa kuti wina amakhalamo nthawi yopuma. Sindinakonde.

Mtengo tinagwirizana K380,000 zonse, kumatula ndi kupolisha galimoto yonse, koma pakati anawonjezera K45,000 ati mankhwala a guluu atha akaitanitse ena ku Lilongwe. Botolo lopanda kanthu anandionetsa ndipo ndikudziwa kuti zinthu zochokera kunja zinakwera kuyambira pomwe kwacha inagwa ndi 44% mu November 2023, koma munthu woyeza penti mpaka ma micron akanayenera kudziwanso kuti botolo limodzi silikwana. Lisiti palibe, zonse ndi pa WhatsApp. Anandinyengereranso ceramic coating, mankhwala opaka pamwamba pa penti omwe amauma gwa kuti aiteteze, atatulutsa botolo lake ndinaona kuti chizindikiro chake sindikuchidziwa ndipo zolemba zake zinali zofufutika, komanso ceramic imafuna malo otsekeka opanda fumbi kuti iume bwino, nde ndinakana, anangopaka sealant wamba yomwe ndizibwereza pakapita miyezi ingapo. Sanakwiye, anangoti chabwino bwana.

Funso lomwe ndikulimbana nalo panopa ndi loti ndimatenso PPF ina kapena ayi. M1 yathuyi ukakhala kumbuyo kwa ma truck ochokera pa border timiyala timachita kulira paboneti, ndipo 86 ndi yotsika, ma 130 mm basi kuchoka pansi, chilichonse chimamenya bampala. Umboni ndauona ndi maso, pomwe panali pulasitiki panalibe kabowo ngakhale kamodzi pomwe theka linalo lili ndi timadontho toyera tambirimbiri. Nde PPF imagwira ntchito, kungoti isamasiyidwe mpaka ing'aluke, ikayamba chikasu kapena kutukuka m'mphepete ichotseni ikadali yofewa, mudzalipira theka la zomwe ndalipira ine. Ndipo ndikadzamata ndidzamata boneti yonse osati theka, za mzere zija sindikufunanso. Bampala ndikaipentetsa ku Lilongwe kwa amene ali ndi spray booth, chipinda chotsekeka chopenteramo, ndipo mkuluyu wandiuza kuti penti yatsopano ndiidikire mwezi umodzi kapena iwiri iume bwinobwino ndisanamatepo kalikonse, apo ayi tidzabwereza nkhani yomweyi ya kusupuka. Kumata PPF yatsopano iye sapanga, ananena yekha kuti malo ake salola.

Ngati muli ndi galimoto yoti penti yatuwa, kapena ex-Japan yobwera ndi pulasitiki yakale, kapena masitika akampani ofuna kuchotsa, mpitireni, manja ake ndi abwino ndipo sanama pa zomwe sangathe. Koma gwirizanani mtengo wonse pamodzi ndi mankhwala musanasiye makiyi, jambulani mileage ndi mkati momwe, chotsani katundu wanu, ndipo mukamatenga galimoto muione padzuwa osati mushedi, tsegulani zitseko zonse ndi boneti muyang'ane m'mipata. Ngati mungathe dikirani September kapena October kukatentha, pulasitiki imamvera msanga. Amalandira Airtel Money ndi Mpamba, ndipo Loweruka musavutike kupita, ndi wa Sabata satsegula.