Magolovesi a nitrile ogwirira mankhwala a khansa: amateteza, koma kutentha kwa kuchigwa kumawatopetsa msanga

Odwala khansa ambiri a ku Chikwawa, Nchalo, Ngabu mpaka Nsanje amakalandira diripi ya chemo (mankhwala a khansa) ku Queens, kenako n'kutsika Thabwa mankhwala adakali m'magazi. Ena amabwera ndi mapiritsi okamwera kunyumba, monga capecitabine. Ndiye nkhani ya magolovesi si ya anamwino okha. Gadiyani amene azitsuka beseni la masanzi nayenso imamukhudza.

Mankhwalawa amasaka maselo amene amagawikana msanga, ndipo khungu lili nawo ambiri: maselo a pansi pake sapuma, moti khungu lapamwamba limasinthika pa masiku pafupifupi 28. N'chifukwa chake amene akumwa capecitabine zikhatho ndi kuphazi zimada, zimawotcha ngati wagwira tsabola, mapeto ake zimasupuka. Bleomycin, imene imaperekedwa kwa ena odwala khansa ya Kaposi sarcoma, imatha kusiya mizere yakuda ngati zipsera za mkwapulo. Doxorubicin ndi vincristine zikadontha kunja kwa mtsempha zimapha mnofu n'kusiya chilonda chakuya chochedwa kupola. Wogwira ntchito salandira mlingo waukulu chotero, koma timadontho ta tsiku ndi tsiku timabweretsa zidzolo, ndipo tina timalowa m'thupi kudzera pakhungu pomwepo. Mayi woyembekezera kapena woyamwitsa asagwire n'komwe.

Pa mitundu itatu ya magolovesi imene imapezeka m'mafamase, a vinyl ndi oti muwasiye: mankhwala amawadutsa mosavuta ndipo sagwira dzanja bwino. A latex amagwira bwino zala, koma ena amawayabwa, ndipo okhala ndi paudala mkati ndi oipa kwambiri pa ntchitoyi chifukwa paudalayo amayamwa mankhwala n'kuwamwaza. A nitrile (labala wochita kupanga kufakitale) opanda paudala ndiwo tikuwavomereza. Ndi olimba, ndipo akabooka amang'ambika moonekera, kusiyana ndi latex imene imabisa kabowo.

Koma musapusitsidwe ndi mtundu wa buluu. Si golovesi aliyense wa nitrile amene anayesedwa ndi mankhwala a khansa. Tembenuzani bokosi muone ngati palembedwa ASTM D6978, chizindikiro cha mayeso amenewo. Bokosi labwino limatchulanso mankhwala amene anayesedwa ndi mphindi zimene golovesi anapirira. Mukawerenga mudzapeza kuti carmustine ndi thiotepa nthawi zambiri zimadutsa msanga kuposa anzawo. Wogulitsa akangoti "awa ndi omwewo, bwana" koma pabokosi palibe chilembocho, amenewo ndi opimira odwala wamba.

Vuto lathu kuno ndi kutentha. Mayeso amenewa amachitika pa madigiri 35, pamene mu Okutobala ndi Novembala ku Ngabu kapena ku Nsanje kumapitirira 40. Kukatentha mankhwala amadutsa golovesiyo mofulumirirapo. Komanso nitrile satulutsa mpweya: pakangopita mphindi zochepa thukuta limadzadza m'zala, khungu limafewa ndi kuyera ngati la munthu amene wachapa tsiku lonse kumjigo, ndipo khungu lotere limamwa mankhwala mosavuta. Choncho lamulo losintha magolovesi pa mphindi 30 zilizonse kuno si lokambirana. Akang'ambika kapena kudonthera, sinthani pompopompo. Bokosi nalo musalisiye pawindo, m'galimoto kapena pamwamba pafupi ndi malata, chifukwa magolovesi amauma n'kumathetheka povala.

Wosakaniza mankhwala kapena woika diripi amavala awiriawiri: wamkati alowe pansi pa mkono wa gauni, wakunja aphimbe mkonowo. Werengerani bwino apa. Bokosi la 100 ndi mapeya 50 okha. Magolovesi 4 pa theka la ola, pa maola 4 ndi 32, ndiye kuti bokosi limatha m'masiku atatu kwa munthu mmodzi. Apa ndi pamene anthu amayamba kuchapa magolovesi kapena kuwapaka sanitaiza kuti avalenso. Osatero. Sanitaiza sachotsa mankhwalawa, amangowafalitsa, ndipo amafooketsa golovesiyo.

Kunyumba nakonso magolovesi ndi ofunika. Kwa maola 48 wodwala atalandira mankhwala (ena amatenga mpaka masiku 7, funsani anamwino), mkodzo, masanzi ndi chimbudzi zimakhala ndi mankhwala. Mkodzo wofiirira tsiku limodzi kapena awiri pambuyo pa doxorubicin usakuopseni, ndi mtundu wa mankhwalawo. Valani magolovesi potaya mkodzo, masanzi ndi zinazo m'chimbudzi, ndipo zofunda zodetsedwa muzichape pazokha kawiri, m'beseni lakelake, kutali ndi mjigo ndi mtsinje. Mapiritsi musawaphwanye kapena kuwasinja. Athireni m'chivindikiro wodwala atenge yekha. Jumbo yomangirira kudzanja, imene ambiri amadalira, imadontha m'misoko ndipo imavuka pakati pa ntchito.

Povula, tsinani golovesi panja pafupi ndi mkono, muvule motembenuza, mumufumbate m'dzanja linalo, kenako lowetsani chala mkati mwa wachiwiriyo kuti akute woyamba uja. Mangani m'jumbo, ana asawapeze n'kumawafufumitsa ngati zibaluni, ndipo mukawasiye kuchipatala. Sambani ndi sopo ndi madzi. Mankhwala akakugwerani pakhungu, sopo ndi madzi ambiri nthawi yomweyo; akalowa m'maso, tsukani ndi madzi oyera kwa mphindi 15 kenako pitani kuchipatala mutatenga dzina la mankhwalawo.