Kalipentala wa pa Dedza amene watikonzera matabwa a Bedford yachisilikali ija: ntchito yabho, koma konzekani kudikira

Amene mwakhala mukufunsa kuti bodi ya chilole cha amalume chija anakonza ndani, ndi bambo wina wachikulire amene ali ndi kashedi kake pompano pa Dedza boma, ndipo ndinene kale kuti ntchito amaidziwa, vuto lawo ndi nthawi basi.

Chilolecho ndi Bedford RL, zija zokoka mateyala onse anayi zimene asilikali a ku Britain anayamba kuyendera m'ma 1950, injini ya petulo ya masilinda 6. Zitsulo zinali bwinobwino koma matabwa apansi ku bodi ndi mabenchi am'mbali okhalapo asilikali zinali zitafumbwa zoopsa, timabowo ting'onoting'ono ngati pobaya ndi singano yosokera matumba, ukagogoda ufa n'kumangoti waa pansi. Aliyense pagalaja ankangoti thirani oyilo wakuda wotsala mu injini zithe, ena akuti dizilo.

Bambowa anakana zimenezo. Akuti oyilo wakuda amangonyowetsa pamwamba, mkati mphutsi ili phee kudya, ndiye pambuyo pake penti sagwira, thabwa limaterera komanso likagwira moto simungazime. Chimene chinandisangalatsa n'choti asanatchule n'komwe mtengo anayamba asesa bodi yonse, kuyala mapepala kunsi n'kutiuza kuti tiisiye kaye osaigwedeza. Pamene pagwa ufa watsopano woyera ndiye kuti tizilombo tikadali moyo, pamene mabowo ndi akuda opanda ufa ndi zakale zinatuluka kalekale. Anatifotokozera kuti bowo limene mukulionalo si polowera ayi, ndi potulukira kachilombo kakakula, mphutsi imakhala mkatimo miyezi mwina zaka, ndiye kumangobaya mankhwala m'mabowo ndi jakisoni n'kusiya thabwa lonse ndi kutaya ndalama. Anasiyanitsanso ndi chiswe, chomwe chimabwera ndi dothi, izi dothi mulibe.

Kenako thabwa lililonse analibaya ndi sikuludiraiva. Likalowa ngati m'chinangwa chophika, kunja, ndipo anatikakamiza kuotcha tsiku lomwelo osati kukaunjika kuseri kwa nyumba pafupi ndi nkhokwe. Ambiri amene anaonongeka anali a mbali yoyera ija ya kunja kwa mtengo, pakati pofiira tizilombo sitimapakonda kwenikweni. Amene anali olimba anawapala penti yense mpaka mtengo kuoneka, anawakulunga m'pepala lakuda la pulasitiki n'kuwaika padzuwa, poti kutentha kukafika madigiri 55 kapena 60 mpaka mkati mwa thabwa mphutsi ndi mazira zimafa. Apa ndiye panavuta, inu mukuidziwa Dedza, June ndi July dzuwa lake longoonetsera, nkhungu mpaka 10 koloko, ndiye anati tidikire October. Amalume anakwiya koma bambowa sanasunthe, aaa.

Atachoka padzuwa anawapaka mankhwala a permethrin ndi bulashi kawiri mbali zonse, makamaka kumapeto kodula ndi mobowola mabawuti, malo amene anthu ambiri amaiwala. Anatifunsanso ngati lole izidzanyamula chimanga kapena mbatatesi za ku Bembeke ndi Lizulu, akuti ngati ndi choncho pamwamba pakhale penti wabwino komanso muziyala tenti, ndipo zotsukira mabulashi musathire kumtsinje chifukwa mankhwalawa amapha nsomba ndi njuchi, ngakhale mphaka asayandikire asanaume. Ine kalipentala wofunsa zimenezi ndinali ndisanamuonepo.

Pa matabwa atsopano tinakanganako pang'ono. Ine ndimafuna paini poti kuno ndi wosasowa, wa ku Chongoni ndi m'phiri la Dedza, komanso wotchipa, iwo akuti pansi pa lole paini ndi wofewa, bola bulugamu wouma bwino, mabenchi okha ndiye anaika mlombwa. Mtengo wa mlombwa masiku ano musandifunse, thumba linalira. Mabawuti anaika osachita dzimbiri ndipo mipata ya matabwa anaisiya monga analili akale aja kuti madzi azidutsa, moti ukaiona sungati ndi yokonzedwa dzana.

Zoipa zake nazi. Foni sayankha, ukapita umapeza apita kumaliro kapena akukhoma bokosi la mwadzidzidzi ntchito yako ili pambali, ndipo risiti salemba pokhapokha uwaumirize. Mankhwala ndi bwino mukagule nokha ku hadiweya muwerenge pachitini, chifukwa anyamata awo akatumidwa amangotenga chilichonse cholembedwa kuti chopha chiswe. Mgwirizane mtengo wonse poyamba, dipoziti theka basi.

Ngati muli ndi Bedford kapena ngolo yachisilikali ya matabwa ndipo simukuthamangira, apatseni, koma mukaisiye cha mu August kuti dzuwa la October liipeze ili kale m'manja mwawo.