Baby Box ya ku Scotland: zomwe ndinapezamo ine wochirira kutali ndi kwathu

Mwana aliyense wobadwira ku Scotland amalandira katoni yaikulu ya katundu kuchokera ku boma, ulere. Amaitcha Baby Box. Anayamba kugawa mu Ogasiti 2017, potengera zomwe dziko la Finland lakhala likuchita kuyambira m'zaka za m'ma 1930. Mzamba ndi amene amakuthandizani kulembetsa mukamapita kusikelo, ndipo yathu inafika pakhomo pathu ku Dundee kutatsala pafupifupi mwezi kuti ndichire.

Ndiyambe ndi nkhawa yomwe ambirife Amalawi okhala kuno timakhala nayo. Visa yanga ili ndi mawu aja akuti no recourse to public funds, kutanthauza kuti sindiloledwa kulandira thandizo la ndalama la boma, ndiye chilichonse chaulere chochokera ku boma ndimayamba ndachiyang'ana ndi diso limodzi. Mzamba ananditsimikizira kuti katoni iyi ndi ya mwana, siyendera kuti makolo ake anabadwira kuti kapena amalandira zingati. Musaikane chifukwa cha mantha.

M'katimo muli zovala za khanda kuyambira tsiku lobadwa mpaka cha m'miyezi 6, bulangete, thawulo, timabuku, kamphasa kosinthira thewera, choyezera kutentha kwa thupi, china choyezera kutentha kwa chipinda ndi madzi osamba, komanso za mayi monga mapadi. Zovalazo ndi zolimba, tachapa mobwerezabwereza osafwifwa. Mitundu yake ndi yoti mwana wamwamuna kapena wamkazi atha kuvala. Amene munakonzekerako kuchira kumudzi mukudziwa mndandanda wake: zitenje, beseni, lezala, chipepala chakuda choyala. Kuno katundu wakutsata yekha mpaka pakhomo.

Katoniyo payokha ndi bedi. Ili ndi kamatiresi ndi nsalu yoyala yokwanira bwinobwino. Nditawaonetsa amayi pa WhatsApp mdzukulu wawo ali m'menemo, anadabwa: "Mwana kugona m'katoni ngati anapiye? Nanga iwe manja ulibe?" Ndinawamvetsa. Kwathu khanda limagona pambali pa amake, pachifuwa pomwe. Kuno namwino woyendera ana m'makomo amalangiza kuti khanda ligone chagada, pamalo akeake osawofoka, m'chipinda chomwe mwagona inu kwa miyezi 6 yoyamba, popanda pilo kapena zidole. Pa ife okhala m'kanyumba ka chipinda chimodzi, katoni inakwanira pansi m'mbali mwa bedi lathu, ndipo masana ndinkaikokera kubalaza mwana ndili naye m'manja. Bedi lamatabwa silikanatheka. Dziwani kokha kuti ndi ya kanthawi: mwana akayamba kudzitembenuza, ntchito yake yatha. Yathu pano tikusungiramo zovala zothina.

Chomwe chinandithandiza kuposa zonse ndi kachipangizo kakang'ono koyezera kutentha kwa chipinda. Mwana wanga anabadwa m'nyengo yachisanu, dzuwa likulowa cha m'ma 4 koloko masana, ndipo mtima wa mayi wa ku Malawi umangoti: chipewa, juzi, shawelo, bulangete pamwamba. Achemwali anga pa foni ankandikumbutsa tsiku lililonse kuti ndimufunditse, asalowe chibayo. Koma nyumba za kuno zili ndi hita, ndipo chomwe amaopa madokotala ndi khanda kutenthedwa kwambiri likagona. Malangizo ndi akuti chipinda chikhale pa madigiri 16 mpaka 20, ndipo m'nyumba mwana asagone ndi chipewa. Pakati pa usiku, popanda wamkulu womufunsa, ine ndi bambo ake tinkangoyang'ana nambala ija mkangano n'kutha.

M'katonimo mulinso nsalu yaitali yonyamulira mwana, yotanuka. Iyi imamangidwa kutsogolo, mwana pachifuwa, ndipo kamangidwe kake nkofuna kuphunzira: kuzunguliza m'chiuno, kupingasa kumsana, kudutsitsa m'mapewa. Kwa ine amene ndinayamba kubereka ana a eni ndili ndi zaka 9, zinali zochedwetsa. Khosi la mwana litalimba ndinabwerera ku chitenje changa, ndipo ku shopu azimayi achikulire ankandiimitsa kufunsa ngati sagwa. Koma nsaluyo sinapite pachabe. Bambo ake, amene sakanayerekeza kumanga chitenje, anaikonda kwabasi. Ankatuluka naye kukayenda m'mbali mwa mtsinje wa Tay ine n'kupezako tulo.

Pali zomwe muyenera kugula nokha, musadalire katoni: matewera ambiri, mpando wa mwana wa m'galimoto, pulamu, ndi chovala chochindikala chotulukira panja.

Chimene boma silingaike m'katoni ndi munthu. Kwathu m'chikuta mumakhala amayi kapena apongozi, wina akuphika phala, wina akusambitsa khanda, iwe ntchito yako kuyamwitsa basi. Kuno bambo amapatsidwa masabata awiri okha, akabwerera kuntchito umatsala wekha ndi mwana ndi mvula pawindo. Ndiye mukamalembetsa katoniyo, funsaninso mzamba za magulu a azimayi oyamwitsa a m'dera lanu ndi Bookbug, komwe makanda amaimbiridwa nyimbo ku laibulale, nakonso nkwaulere. Mnzanga wa ku Ghana amene timasinthana kulera Loweruka ndinamupeza kumeneko.