Sandipepa wa pamsika, wa 3M ndi Micro-Mesh: wokwechera gitala ndi uti?

Anzanga opanga magitala kuno ku Zomba amandifunsa kawirikawiri za sandipepa amene ndimakwechera lacquer (mtundu wa vanishi wochita kupopera pa thabwa) ndi madzi ndisanayambe kupukuta ndi polishi. Mitundu imene munthu angaipeze ndi itatu: wakuda wopanda dzina amene amagulitsidwa chidutswachidutswa pamsika, wa 3M Wetordry amene amapezeka m'masitolo a penti ya magalimoto ku Blantyre ndi ku Limbe, ndiponso Micro-Mesh amene amachita kuitanitsidwa kunja.

Wa pamsikawo ndiye wotsika mtengo, ndipo ubwino wake umathera pomwepo. Ndinagula wolembedwa kuti P1500 (nambalayi ikamakula, mchenga wa pepalalo umakhala waung'ono ndi wosalala), wogulitsa atanditsimikizira kuti suopa madzi, kuti ndimalizire gitala ya mbawa imene lacquer yake ya nitrocellulose inali itauma kwa milungu inayi monga mmene zimafunikira. Nditangouviika m'madzi a sopo pang'ono, guluu wake anafewa ndipo mchenga unayamba kuyoyoka. Choipa kwambiri n'chakuti mchenga wa pepala lotere si wofanana kukula, moti kanjere kamodzi kokulirapo kanakanda mizere yakuya pamsana ponse pa gitalayo. Mizere yotere siioneka malo akadali onyowa, imadzaonekera munthu atapukuta kale ndi polishi, gitala itayamba kunyezimira. Kuti ichoke, pamafunika kubwerera ku sandipepa wokhakhala, ndipo lacquer imene inali yopyapyala kale imaboka m'mphepete mpaka thabwa kuonekera.

Apa m'pamene pabisala mtengo weniweni wa pepalali. Panafunika lacquer ina ndi thinara wina, kenako kudikiranso mwezi wathunthu, mwini gitala akufunsa tsiku ndi tsiku. Zinachitikanso m'nyengo ya mvula, pamene chinyontho chochokera kuphiri chimachititsa kuti lacquer yongopopera kumene ichite mbuu ngati mkaka, motero ngakhale tsiku lopopera linali lochita kusankha. Mbawa ili ndi timabowo tikulutikulu timene timafunika kutseka bwino munthu asanapopere, ndiye pamene paboka sipakonzeka ndi kudonthezerapo kamodzi.

Wa 3M Wetordry, umene kampaniyi inayamba kugulitsa mu 1921 ndipo opopera magalimoto anaulandira msanga, sunandichitepo zimenezi. Mchenga wake ndi silicon carbide wosefedwa mofanana, ndipo pepala lake limafewa bwino likakhala m'madzi osatha mphamvu. Ndimayamba ndi P800 wokulunga pa kathabwa kosalala kapena labala yolimba, kenako P1000, P1500 ndi P2000, ndipo pa nambala iliyonse ndimasintha madzi ndiponso kumene dzanja likulowera, kuti mizere ya nambala yapitayo ionekere ngati yatsala. Pepala limodzi ndi lodula kuposa la pamsika, koma limakwecha malo aakulu lisanathe. Chenjezo lokhalo likukhudza madziwo: akalowa m'mabowo a zomangira nsambo kapena a zomangira zina, thabwa limatupa n'kung'amba lacquer, choncho mabowo ayenera kutsekedwa ndi phula kapena madzi achepe kwambiri pamenepo.

Micro-Mesh ndi wansalu yofewa, amafika mpaka nambala 12000 ndipo amachapika, koma ndalama zotumizira ndi msonkho zikawonjezedwa sapindulitsa munthu wopanga magitala ochepa pachaka. Nambala zake sizigwirizananso ndi zoyamba ndi P, moti 1500 yake ndi yokhakhala kutali kuposa P1500. Ndimamulemekeza pa khosi la gitala ndi m'malo opindika basi.

Pa polishi, compound (phala lopukutira) amene opopera magalimoto amagwiritsa ntchito, monga Farécla G3, amachotsa mizere ya P2000 ndi nsalu ya thonje ndi dzanja lokha. Polishi wonyezimiritsa magalimoto wokhala ndi silicone ndimamukana, chifukwa tsiku limene gitala idzafunike kupoperanso, lacquer yatsopano imakana kugwira n'kusiya timaenje. Makina opukutira amafulumira koma amatenthetsa lacquer m'makona.

Amene akundifunsa ndimawauza kuti agule wa 3M kuyambira P800 mpaka P2000 ulendo umodzi akapita ku Blantyre, ndipo wa pamsika uja ausiyire kuchotsa dzimbiri pa zitsulo.