Kaofesi ka mafomu ku Area 47 komwe anakana kutithandiza kubisa za chamba

Mphwanga, mwana wa achemwali anga, anabadwira ku Texas ndiye ndi nzika ya America ngakhale wakulira konkuno ku Kawale. Chaka chino wapeza ntchito ku kampani ina ya makompyuta yomwe imagwira ntchito za boma la America, koma anamuuza kuti asanayambe akufunika security clearance, chilolezo cha boma la America choti munthu azitha kuona zinsinsi za boma. Vuto ndi loti mnyamatayu ali ku koleji ankabanda fodya wamkulu, anasiya zaka zitatu zapitazo, ndiye atafika pa fomu ya SF-86, yopemphera clearance-yo, pomwe amafunsa ngati unagwiritsapo mankhwala ozunguza bongo m'zaka 7 zapitazi anangoti kakasi.

Ine ngati malume ake ndinamuuza kuti ungolemba ayi, ndani akakufufuze ku Kawale? Mnzanga wina ndi amene anatilozera kaofesi kena ku Area 47 ka mayi wina yemwe anakhalitsa ku Maryland, amathandiza anthu mafomu a visa ndi zina zotere.

Ndiyambe ndi zodandaula. Tinapangana 9 koloko koma tinalowa cha m'ma 11, magetsi anazima ndipo jenereta alibe, tinachita kugwiritsa ntchito laputopu ya mphwanga ndi bandulo yathu yomwe. Mtengonso ndi wokwererapo pa ntchito ya maola awiri, risiti mpaka kuchita kukumbutsa.

Koma mayiwa ntchito amayidziwa abale. Nditangotchula maganizo anga aja anandidula, akuti "bambo, chamba chakale sichimugwetsa mwanayu pachokha, chomwe chingamugwetse ndi bodza." Anatifotokozera kuti mu December 2021 Avril Haines, yemwe panthawiyo anali mkulu wa nthambi zonse za ukazitape ku America, anatulutsa kalata yoti kusuta kwakale amakuganizira ndithu koma sikokhako komwe kumagamula, amaona munthu yense, unasuta kangati, unasiya liti, ukuyendabe ndi anzako osuta aja kapena ayi. Pomwe kunama dala pa fomuyo ndi mlandu woti utha kukakhala kundende mpaka zaka 5, komanso ofufuza amacheza ndi anthu okudziwa ndiye mnzako mmodzi akangoyankhula basi zako zada.

China chomwe sindinkadziwa n'choti ngakhale ku Colorado kapena California komwe chamba amagulitsa mushopu, boma lalikulu la America limachionabe kuti ndi choletsedwa ndipo clearance imachokera ku bomalo. Mphwanga anayesa kunena kuti "koma anti, kwathu kuno anavomereza mu 2020", iwo anamukumbutsa kuti lamulo lija ndi lolima cha mankhwala ndi cha mafakitale ndi laisensi, kusuta ukapezeka apolisi akunjata.

Anakhala naye pansi kuwerengera mwezi womwe anayamba ndi womwe anasiya, osachepetsa osawonjezera, kenako anamuthandiza kulemba kalata yosainira yoti sadzasutanso. Anamuchenjezanso kuti kuyambira pano asayandikire ngakhale mafuta a CBD, opangidwa kuchokera ku chamba, chifukwa ena amakhala ndi THC, chinthu chomwe chimaledzeretsa mu chamba. Chomwe chinandikhudza n'choti sanamunyoze mwanayu ngakhale pang'ono, ine ndi amene ndinachita manyazi ndi malangizo anga aja.

Sanatilonjeze kuti zitheka, anati ogamula ali ku America osati iwo. Fomu inapita sabata yatha, panopa tikungodikira ofufuza amuitane. Mukamapita kumeneko tengani laputopu yodzadza moto ndi bandulo yanu.