Penshoni, banki m'khonde kapena munda wa tiyi: tidzadalira chiti ntchito ya pa esiteti ikadzatha?

Kwa munthu amene wathyola tiyi zaka zambiri m'maesiteti a ku Mulanje kapena ku Thyolo, tsiku lopuma pa ntchito limamulanda zinthu ziwiri nthawi imodzi, malipiro ndi nyumba ya kukomboni ngati ankakhala m'nyumba ya kampani, ndipo tsikulo limafika msana ndi mawondo zitatopa kale ndi dengu. Wantchito wotereyu mpamba wake wonse unali mphamvu za m'thupi. N'chifukwa chake njira iliyonse yokonzekera ukalamba ine ndikuiyesa ndi mafunso awiri: kodi idzatidyetsa mphamvuzo zitatha, nanga idzapirira kwacha ikamagwa mphamvu?

Ndiyambe ndi penshoni, popeza ndi imene anthu ambiri amaiderera. Lamulo limene linayamba kugwira ntchito mu 2011, n'kukonzedwanso mu 2023, limalamula kuti wantchito azidulidwa 5 peresenti ya malipiro ake, ndipo womulemba ntchito aziwonjezerapo 10 peresenti. Tanthauzo lake n'lakuti ngati munthu amalandira K100,000 pa mwezi, iye amachotsa K5,000 koma m'thumba lake la penshoni mumalowa K15,000, phindu lisanawerengedwe. Mwa njira zonse zimene ndikuyerekeza pano, palibe ina imene munthu wina amakusonkherako kawiri kuposa zimene wasonkha iwe mwini. Lamulo lomweli limafunanso kuti wolemba ntchito amulipirire wantchito inshuwalansi ya moyo yosachepera malipiro a chaka chimodzi, kuti atamwalira ali pa ntchito ana asatsale chimanjamanja. Nthawi zambiri ndalama za penshoni ndi zotsekeredwa mpaka munthu atapuma, pa msinkhu wosachepera zaka 50, ndipo chimene ambiri amadandaula nachochi ine ndimachiona ngati chitetezo, chifukwa ndalama imene sungaitenge lero siingathere kumaliro, kwa akatapila kapena kwa mbale amene wabwera ndi vuto usiku.

Komabe penshoni ili ndi mabala ake, ndipo sindikufuna kuwabisa. Malipiro akakhala ochepa, thumba nalonso limakhala laling'ono. Kwacha inatsitsidwa mphamvu ndi 25 peresenti mu May 2022 ndiponso ndi 44 peresenti mu November 2023, choncho amene anapuma zisanachitike zimenezi anaona ndalama yawo ya pa mwezi ikulephera kugula zimene inkagula kale. Pali olemba ntchito ena m'dziko muno amene amadula ndalama pa malipiro koma osaitumiza kwa osunga penshoni, nkhani imene Reserve Bank of Malawi, yomwe imayang'anira za penshoni, yakhala ikuidandaula. Bala lalikulu koposa kwa ife kuno ndi lakuti anthu ambiri othyola tiyi amalembedwa kwa nyengo chabe, kuyambira mvula ikagwa cha mu December mpaka masamba akachepa cha mu April kapena May, ndipo wantchito wanyengo sayenda pa ndondomeko yofanana ndi ya wolembedwa mokhazikika. Munthu akhoza kubwerera pa esiteti imodzimodzi chaka ndi chaka mpaka imvi, koma osaunjika kanthu kooneka.

Banki m'khonde ndiyo imayankha kumene penshoni ili chete. Imalandira aliyense, wanyengo ndi waganyu yemwe, masheya ake ndi otsika, ndipo ngongole imapezeka tsiku lomwelo popanda mafomu. Vuto lake n'lakuti gulu limagawana ndalama zonse chaka chikatha, kawirikawiri mu December, mwezi umene feteleza, chikondwerero cha Khirisimasi ndi fizi ya mu January zimakhala zikudikirira pakhomo. Ndalama imene imabwerera m'manja chaka chilichonse siingatchedwe ya ukalamba. Komanso mmodzi akathawa ndi ngongole, gulu lilibe kokadandaula kwina kupatula kwa amfumu kapena kupolisi. SACCO, bungwe limene mamembala amasungirako ndi kubwerekako ndalama, ndi yolimbirapo, chifukwa imalembetsedwa ndi kuyang'aniridwa mwalamulo ndipo masheya amatha kukhala zaka zambiri, ngakhale kuti nayonso imavutika mitengo ya zinthu ikamathamanga kuposa phindu. Ntchito yeniyeni ya ziwirizi, monga ndikuonera ine, ndi kusandutsa ndalama zing'onozing'ono kukhala malata, simenti ndi njerwa zootcha munthu akadali pa ntchito.

Tsopano munda, umene ndi loto la pafupifupi aliyense. Alimi ang'onoang'ono a tiyi, monga a Sukambizi ku Mulanje ndi a Msuwadzi ku Thyolo, amagulitsa masamba awo kumafakitale a maesiteti, ndipo ubwino wa mbewuyi ndi woti mtengo wa tiyi ukakhwima umabereka zaka makumi ambiri, mpaka kusiyira ana. Munda sugwa mphamvu pamodzi ndi kwacha, choncho pa funso langa lachiwiri ukuposa penshoni kutalitali. Koma pa funso loyamba ukulephera, ndipo apa ndi pamene ambiri salingalira mofatsa. Mbande zimatenga zaka zingapo zisanayambe kupereka masamba okwanira, kotero wobzala atapuma kale wachedwa. M'nyengo yamvula tiyi amafuna kuthyoledwa pafupipafupi, ndipo nkhalamba imene inasiya dengu chifukwa cha msana iyenera kulemba aganyu, kugula feteleza, kenako n'kulandira mtengo wa pa kilogalamu umene sinaukhazikitse yokha. Ng'ombe yamkaka, imene yatukula mabanja ambiri cha ku Bvumbwe, ilinso chimodzimodzi: imabweretsa ndalama mwezi ndi mwezi, koma imafuna nsenjere, madeya ndi madzi tsiku lililonse, ngakhale tsiku limene mwini wake wadwala.

Tisaiwalenso kuti malo m'maboma awiriwa ndi osowa kwambiri, popeza gawo lalikulu la nthaka yabwino lili m'manja mwa maesiteti. Kwa amuna pali nkhani ina yofunika kuikamba poyera. Kuno ambiri timatsata chikamwini, ndipo bambo amene wathira ndalama zake zonse pa malo a kwa mkazi wake ayenera kukambirana ndi mwini mbumba ndi amfumu nthawi ikadalipo, kuti mayi akadzatsogola iye asadzapezeke wopanda pogona. Ndipo munda nawo umagwa m'mavuto: matenda a chisaka anatha nthochi zimene Thyolo inkadziwika nazo, ndipo namondwe wa Freddy mu March 2023 anakokolola minda ndi nyumba ku Mulanje ndi ku Phalombe.

Za ana ndinena mwachidule. Kuwaphunzitsa ndi udindo wathu, koma mwana amene akusaka ntchito ku Limbe kapena ku Johannesburg ali ndi katundu wake wolemera kale. Mtukula Pakhomo nayenso amafikira mabanja ochepa ovutikitsitsa, osati aliyense wokalamba.

Ndikaika zonsezi pa sikelo, kwa wolembedwa mokhazikika penshoni ndiyo yokha imene imalipira munthu ali chigonere, choncho isakhudzidwe msanga. Lamulo la 2023 limalola amene wakhala miyezi itatu osapeza ntchito ina kutapako, koma amene angathe kupirira apirire. Limalolanso kutenga theka la ndalama nthawi imodzi popuma, ndipo ndikupempha kuti theka limenelo lisakhale loyambira maziko a nyumba kapena logulira njinga yamoto ya kabaza yoti ayendetse wina. Nyumba imangidwe kale kudzera ku banki m'khonde kapena ku SACCO, tiyi abzalidwe miyendo ikadali yolimba. Kwa wanyengo, dongosolo lake litembenuke: nyumba ndi kamunda zikhale patsogolo, ndipo ndalama za miyezi ya masamba ambiri zizilowa ku SACCO zisanafike pa msika wa Limbuli kapena Luchenza.

Amene ali pa penshoni apite ku ofesi mwezi uno akapemphe sitetimenti yoonetsa ndalama zimene zafikadi kwa osunga penshoni, aiyerekeze ndi zimene zadulidwa pa malipiro, ndipo aonenso maina a amene anawalemba kuti adzalandire ndalamazo iye atamwalira. Ziwerengero zikasemphana, nkhaniyo apite nayo kwa atsogoleri a PAWU, bungwe la ogwira ntchito m'minda, kapena ku ofesi ya zantchito ya pa boma.