Kiyibodi ya mwana wanga patatha miyezi 14

Patangotha sabata ziwiri chigulireni kiyibodi, ndinalemba mawu oyamikira ngati munthu amene wangogula njinga yatsopano. Ndinati mawu ake ndi okoma, mabatani ndi ambirimbiri, mwana sakuchokapo. Sindinaname. Koma tsopano papita miyezi 14, ndipo ndikakumbukira zomwe ndinalembazo ndimadziseka ndekha. Zimene ndinkatamanda si zimene zamuthandiza mwanayu, ndipo zomwe zinadzatisautsa sindinaziganizireko n'komwe.

Kiyibodi yake ndi Yamaha PSR-E373, ya makiyi 61. Tinagulira mwana wathu wachisamba, mtsikana, ali ndi zaka 7. Pano ali ndi zaka 8, ali Sitandade 3. Timakhala kuno ku Nkhotakota, chakufupi ndi boma, ndipo amamuphunzitsa ndi bambo ena achikulire amene amaimba limba kutchalitchi kwathu. Amapita kwawo Loweruka lililonse m'mawa, mphindi 40 basi.

Chipangizocho chikadali bwinobwino, palibe kiyi yomwe yafa. Paja ndinkanyadira kuti muli mawu a zoimbira 622. Mwezi woyamba mwana ankangodumphadumpha, pano lipenga, pano gitala, pano ng'oma, mpaka mutu kuwawa. Lero amagwiritsa ntchito mawu amodzi okha, a piyano. Pali batani lolembedwa Portable Grand lomwe ukalidina zonse zimabwerera ku piyano, ndipo batani limenelo ndi lomwe laona zala kuposa ena onse, makamaka mlongo wake wa zaka 4 akadutsapo n'kusokoneza.

Chomwe ndaona kuti chinali choyenera ndalama zake ndi chinthu chimene poyamba sindinachitchule n'komwe: makiyi ake amamva mphamvu ya chala. Ukadina mofatsa mawu amatuluka chapansipansi, ukagunda mwamphamvu amakwera. Ine ndinkafuna kugula PSR-E273 yomwe inali yotsikirako mtengo, koma imeneyo ilibe zimenezi. Aphunzitsi ndi amene anakana. Anati, "Mayi, mwana akazolowera makiyi osamva, adzakhala ngati munthu wolankhula mokuwa nthawi zonse, pamaliro ndi paukwati chimodzimodzi." Ndinawamvera monyinyirika. Pano ndikumvetsa.

Za magetsi, mukudziwa kale mmene zimakhalira. Ubwino wake kiyibodiyi imalola mabatire asanu ndi limodzi aang'ono aja a AA. Poyamba tinkagula a pagolosale, koma ndalama zinkangopita ngati madzi. Tinagula otchaja, awiriawiri mpaka akwane, ndipo timawatchaja pa sola. Vuto linatha.

Vuto lina tinadzipangira tokha. Mu Disembala, nyengo ya mango, mwana anandiitana kuti kiyi ina ikumata, ikalowa sikubwerera msanga. Nditawerama kuyang'ana ndinaona mzere wa nyerere ukukwera mwendo wa tebulo, kudutsa pansi pa kiyibodi n'kulowa pampata wa makiyi awiri oyera apakati. Mkuluyu ankaimba akuyamwa mango, madzi ake n'kumadontheramo. Tinatha madzulo onse tikupukuta ndi kansalu konyowa pang'ono kokulunga pakamtengo ka machesi, bambo ake atagwira tochi. Chiyambire tsiku limenelo lamulo ndi lakuti asambe m'manja asanakhudze, ndipo akamaliza avindikire ndi chitenje. Chitenjecho n'chofunikanso nthawi ya mwera, chifukwa fumbi ndi mchenga zimalowa m'nyumba ngakhale mutatseka mawindo.

Koma nkhani yeniyeni si chipangizo ayi. Ndi mmene mwana amayeserera kunyumba, ndipo apa ndi pomwe ine ndinalakwitsa kwambiri.

Miyezi iwiri yoyambirira ndinkamukhazika pansi Lachisanu madzulo ola lathunthu, kuti mawa lake asakachite manyazi kwa aphunzitsi. Masiku ena onse kiyibodi inkangokhala. Ola limenelo linkatha ndi misozi, ine nditakwiya, iye atatupa. Tsiku lina aphunzitsi anandiperekeza mpaka pamsewu n'kundifunsa kuti mwana amayeserera liti. Nditawauza anaseka. "Kodi mbewu zam'dimba mumathirira kamodzi pa sabata ndi migolo isanu?" Anati ndimupezere mphindi khumi kapena khumi ndi zisanu tsiku lililonse, nthawi yake yosasinthasintha, ndipo ndisamayang'ane wotchi koma ndiimangirire ku ntchito ina ya pakhomo.

Tinaimangirira ku mpunga. Kuno mpunga ndiye chakudya chathu chamadzulo masiku ambiri. Ndikathira mpunga m'madzi owira ndimamuitana, amakhala pakiyibodi. Madzi akaphwa, ndikaika makala pachivindikiro, iye wamaliza. Masiku a nsima timayambira pofunditsa madzi mpaka kuomola. Zikumveka zoseketsa, koma zinathetsa mkangano wa "nditha liti?" chifukwa yankho amalimva yekha ndi mphuno.

Chachiwiri chinali choti m'mphindi zimenezo azichita chiyani. Mwana ukamusiya yekha amayamba nyimbo pachiyambi, amathamanga pomwe akudziwa, akafika povuta amapunthwa, n'kubwereranso pachiyambi. Pakutha pa sabata chiyambi amachidziwa ngati dzina lake, povuta paja pakadali pomwepo. Aphunzitsi amazunguliza ndi pensulo malo ovutawo, mwina manoti anayi kapena asanu okha, ndipo anatipatsa njira ya nyemba. Timaika nyemba zisanu kumanzere kwa kiyibodi. Akaimba malo aja molondola, pang'onopang'ono, amasamutsa nyemba imodzi kupita kumanja. Akalakwitsa zonse zimabwerera kumanzere. Ndinamuona tsiku lina ali ndi nyemba zinayi kumanja, lilime lili panja, chala chachinayi chikunjenjemera pamwamba pa kiyi, akuopa kudina. Anadina, inalondola, anakuwa mpaka nkhuku zinabalalika pakhonde. Kuyambira pamenepo sindinafunikenso kumuimirira kumbuyo.

Chinthu chomwe chinatidabwitsa tonse chinatulukira mwezi wachisanu. Mwanayu wakulira m'kwaya, ndinkapita naye ali kumsana, ndiye khutu lake ndi lakuthwa. Aphunzitsi akamupatsa nyimbo yatsopano ankati, "Aphunzitsi, tayambani mwaimba ndimve." Iwo n'kuimba, iye n'kutsatira bwinobwino maso ali pabuku. Tonse tinkati akuwerenga. Loweruka lina bambowa anatenga pensulo mwakachetechete n'kusintha noti imodzi pa nyimbo yomwe anali ataiphunzira kale, kuikweza mzere umodzi. Mwana anaimba monga mwa kale, osaona kanthu. Anamuuza abwereze, anabwereza chimodzimodzi. Apa m'pamene tinadziwa kuti miyezi yonseyi ankangoloweza ndi khutu, buku linali lophimbira m'maso.

Ine ndinakhumudwa, ndinaona ngati ndalama zapita pachabe. Aphunzitsi sanadandaule. Anati khutu si mdani, ndipo anandiuza za Shinichi Suzuki wa ku Japan, amene ankaphunzitsa ana aang'ono vayolini poyamba ndi kumvetsera, monga mmene mwana amaphunzirira chilankhulo cha makolo ake asanadziwe zilembo. Vuto ndi kungothera pomwepo. Ndiye anagwiritsa ntchito chomwe mwana ankadziwa kale, do re mi wa m'makwaya mwathu. Njira imeneyi inachokera ku England, anaiyamba ndi Sarah Glover wa ku Norwich, John Curwen n'kuifalitsa kuyambira m'zaka za m'ma 1840, ndipo kuno inafika ndi amishoni. Mu njira imeneyi do amasuntha malinga ndi pomwe nyimbo yayambira, pamene pa mizere isanu yolembapo manoti m'buku la nyimbo, noti iliyonse ili ndi malo ake ndi kiyi yake. Bambowa ankalemba d, r, m pansi pa manoti, mwana aimbe ndi pakamwa kaye, kenako ndi zala, kenako n'kumafufuta zilembozo chimodzichimodzi sabata ndi sabata. Ndipo analeka kumuimbira nyimbo yatsopano asanaiyese yekha. Zinatenga miyezi itatu kuti ayambe kuwerengadi, ndipo mpaka lero kuwerenga ndi kumene kukutsalira.

Tsopano za mayeso. Ndivomere, ine ndi amene ndinkawafuna. Ndinkafuna satifiketi yopachika pakhoma, makamaka chifukwa cha apongozi anga amene amafunsa nthawi zonse kuti, "Kodi zimenezi zidzabwera pa mayeso a Sitandade 8?" Ndimawayankha kuti kusukulu kuli phunziro la Expressive Arts, koma iwo ndi ine tonse tikudziwa kuti m'kalasi la ana ochuluka chotero palibe amene adzamukhazike pa limba.

Mayeso omwe aphunzitsi amatsatira ndi a ABRSM, bungwe la ku London lomwe linayamba mu 1889. Magiredi ake amayambira pa Initial, kenako 1 mpaka 8. Pa mayeso oimba pamaso pa woyesa malikisi onse ndi 150. Nyimbo zitatu, iliyonse 30. Masikelo, kukwera ndi kutsika kwa manoti kuja, 21. Kuwerenga kanyimbo komwe sunakaonepo, atakupatsa theka la mphindi kuti ukayang'ane, 21. Mayeso a khutu 18. Kukhoza ndi 100, merit ndi 120, distinction ndi 130. Ofuna Giredi 6 kupita m'tsogolo amayenera kukhala atakhoza kaye Giredi 5 ya theory, mayeso olemba a malamulo a nyimbo, kapena china cholingana nayo, koma kumeneko ife n'kutali.

Aphunzitsi anati tisathamangire kulembetsa, ayambe amuyesa okha motsatira dongosolo la Giredi 1. Tinakonzekera miyezi iwiri, ndipo miyezi imeneyo sindidzaiiwala. Mwana ankangoimba nyimbo zitatu zomwezo, tsiku ndi tsiku, mpaka oyandikana nawo nyumba anayamba kuziimbira mluzu. Ine ndinayambanso khalidwe langa lakale lija, kuwonjezera nthawi, mpunga wapsa ine ndikuti "bwerezanso kamodzi". Pakati pa mwezi wachiwiri anangoti, "Amayi, sindikufunanso." Sabata zitatu chitenje sichinachoke pakiyibodi. Bambo ake anati timusiye, ine mtima unkandipweteka ndikaganiza za ndalama.

Chomwe chinamubweza si ine. Aphunzitsi anamuuza kuti ana a Sande sukulu akusowa wowaimbira nyimbo imodzi, yosavuta, ya dzanja lamanja ndi makodi atatu (manoti angapo odinidwa pamodzi) kumanzere. Anaiphunzira masiku anayi popanda womukumbutsa. Lamulungu limenelo analakwitsa kawiri, ana anzake sanamve n'komwe, ankangoimba mokweza. Potuluka amayi a mu mpingo ankamugwira chanza. Madzulo ake anavundukula yekha chitenje.

Mayeso oyeserera aja anachitika mwezi wa 12. Anakhoza, koma pang'ono chabe pamwamba pa 100. Za khutu, kuomba m'manja motsatira nyimbo, kunena ngati ikuyenda pawiri kapena patatu, kubwereza ndi pakamwa zomwe wamva, anangodutsamo ngati akusewera. Pa kuwerenga anatsala pang'ono kulira, anaima katatu. Palibe chinatidabwitsa.

Chodabwitsa chinabwera pa tchuthi, titapita ku Lilongwe kwa achemwali anga. Anzawo ena ali ndi piyano yeniyeni ya makiyi 88, ndipo tinapempha kuti mwana akayeseko. Anakhala pampando monyadira, anayamba nyimbo yake yomwe amaidziwa bwino, koma manoti ena sankatuluka n'komwe. Makiyi a piyano ndi olemera, kuseri kwake kuli tinyundo tomenya nsambo, pamene a kiyibodi yathu ndi opepuka, amangobwerera ndi sipuling'i. Zala zake, makamaka chachinayi ndi chaching'ono, zinalibe mphamvu. Anandiyang'ana n'kunena kuti, "Amayi, yawoyi ndi yowonongeka." Apa m'pamene ndinamvetsa zomwe aphunzitsi anandichenjeza kalekale ine osalabadira: pa mayeso a piyano a ABRSM, ngakhale piyano yamagetsi imaloledwa, iyenera kukhala ya makiyi olemera, yokhala ndi pedo, chopondera ndi phazi chotalikitsa mawu, komanso makiyi okwanira ngati a piyano yeniyeni. Yathuyi siingalowe m'gulu limenelo, ndipo sinapangidwire zimenezo.

Ndiye mukandifunsa ngati ndingaigulenso, inde, kwa mwana wongoyamba kumene yemwe simukudziwa ngati adzapitirize. Chaka choyamba makiyi 61 ndi okwana, nyimbo zake sizinafikepo kumapeto kwa kiyibodi. Ndi yopepuka, timainyamula pa kabaza kupita nayo kutchalitchi. Koma ngati mumtima mwanu mwatsimikiza kale za magiredi, sungani ndalamazo muwonjezere, mugule ya makiyi olemera kamodzi n'kamodzi. Ndipo musanagule chilichonse, pezani kaye mphunzitsi. Ife tinachita mwayi kuti tinawapeza pafupi, woleza mtima, wodziwa zonse ziwiri, do re mi ndi mizere isanu. Oimba kiyibodi m'matchalitchi kuno ndi ambiri, ena aluso zedi, koma owerenga manoti ndi owerengeka.

Za mayeso enieni taziika kaye pambali mpaka chaka chamawa. Tagwirizana ndi aphunzitsi kuti pa nyimbo iliyonse ya m'buku la mayeso azimupatsanso ina yomwe wasankha yekha, ndipo tsiku lililonse aziwerenga kamzere kamodzi katsopano asanayambe zina. Ine ndalowa chipereganyu ndi amayi anzanga a pamsika, ndalama zikadzafika kwa ine zidzapita ku piyano yamagetsi ya makiyi 88. Kiyibodiyi sitigulitsa. Mlongo wake uja wayamba kale kuba nyemba m'khitchini n'kumaziyala kumanzere, ngakhale sakudziwa kuti zimapita kumanja chifukwa chiyani.